Mafuta otsala pa chiwaya: madzi akukudyerani ndalama

M'dzinja ogulitsa tchipisi ambiri akumabwezedwa ndi zigubu zawo za mafuta otha ntchito akapita kukawagulitsa, ena akumadulidwa mtengo. Chifukwa chake n'chimodzi: madzi. Ndowa ya mafuta ikugona panja yosavundikira mvula ikugwa, ndipo ena potsuka chiwaya madzulo akukhuthulira zotsukirazo momwemo. Chizolowezi chimenechi chatopetsa, abale.

Amene amagula mafutawa, kaya opanga sopo kaya opanga dizilo, amalipira mafuta okha. Madzi ndi nyenyeswa za mbatatesi amazichotsera pa mtengo. Koma vuto lalikulu ndi lakuti madzi akakhalitsa m'mafuta amawaswa, asidi amachuluka, fungo n'kuipa. Wopanga dizilo akathira mankhwala ake m'mafuta otere, gawo lina limasanduka sopo, dizilo amatuluka wochepa. Wopanga sopo naye amayeza soda wowotcha wopangira sopo (caustic soda) potengera kulemera kwa mafuta, pafupifupi magalamu 135 pa kilogalamu imodzi ya mafuta a soya kapena a mpendadzuwa. Ngati m'kilogalamuyo muli madzi, soda amachuluka, sopo n'kumawotcha m'manja. Mukuganiza kuti munthu ameneyo abweranso?

Mayi wina wa chiwaya pamsika anathira dala madzi kuti chigubu chidzaze. Wogula anangochikweza pa sikelo. Malita 20 a mafuta amalemera makilogalamu pafupifupi 18, pamene madzi ndi 20, ndiye sikelo inawaulula. Atapendeketsa chigubucho, madzi anaonekera pansi. Mayiwo anabwerera nacho kunyumba atachisenza.

Palinso ena amene mafuta akakanidwa amawathira m'timabotolo n'kugulitsa kwa anthu ophikira ndiwo. Mafuta akuda, ochita thovu, sayenera kubwerera mumphika. Ku South Africa lamulo limaletsa kuphikira anthu chakudya ndi mafuta amene awonongeka chonchi, ndipo amene amagwira ntchito m'malesitilanti a ku Johannesburg akudziwa kuti mafutawo amatengedwa ndi magalimoto a makampani owagula.

Zochita n'zochepa. Mafuta azizire kaye, muwasefe pa nsalu, muwathire m'chigubu chouma chotsekeka bwino, chikhale pamthunzi. Pakatha sabata tsanulirani apamwambawo m'chigubu china, zapansizo zisiyeni. Tenthetsani supuni imodzi pamoto: akathetheka, madzi akadalimo. Oyilo wa galimoto ndi parafini zisakhudzeko ngakhale dontho, ndipo funsiranitu wogula ngati amayeza pa lita kapena pa kilogalamu.