Momwe mungakonzere ulendo wa panjinga m'njira za kumidzi zopanda magalimoto

Aliyense amene anapalasapo njinga m'mbali mwa msewu waukulu amaidziwa mphepo imene lole imasiya ikamudutsa pafupi, ndiponso momwe manja amaumira pa chiwongolero mpaka phokoso litapita. N'chifukwa chake anthu ambiri okonda kuyenda maulendo a masiku angapo panjinga amafunafuna njira zomwe magalimoto saloledwa kudutsamo. Njira zoterezi zilipo m'mayiko ambiri, koma mawu akuti njira ilibe magalimoto ndi osavuta kuwalemba pa mapu kusiyana ndi kuwapeza ali oona kuyambira poyambira mpaka pothera. Ntchito yaikulu ya wokonza ulendo ndiyo kufufuza malo amene njirayo imadukira n'kukulowetsani mumsewu, chifukwa ngozi zimabisala pamenepo.

Choyamba, dziwani kuti njirayo inali chiyani kale

Njira zambiri zazitali zopanda magalimoto sizinalambulidwe chifukwa cha njinga ayi, zinali ndi ntchito ina kale, ndipo mbiri yakeyo imakuuzani zimene miyendo yanu ikakumane nazo. Zodziwika kwambiri ndi zimene zinali njanji. Sitima yapamtunda singakwere chitunda chachikulu, choncho omanga njanji ankagumula mapiri, kukwirira zigwa ndi kumanga milatho kuti njira ikhale yosalala, ndipo njanji ikachotsedwa wopalasa njinga amalandira ntchito yonseyo ngati cholowa. Njira ya Otago Central Rail Trail ku New Zealand, yomwe inatsegulidwa mu 2000 ndipo ndi yaitali makilomita 152 pakati pa Clyde ndi Middlemarch, pamalo pake potsetsereka kwambiri imangokwera mita imodzi pa mamita 50 alionse. Ku Ulaya kuli Vennbahn, ya makilomita pafupifupi 125, yochokera ku Aachen m'dziko la Germany, kudutsa ku Belgium mpaka ku Troisvierges m'dziko la Luxembourg. Ku Spain ntchito yosandutsa njanji zakale kukhala njira zotchedwa Vías Verdes inayamba mu 1993.

Mtundu wachiwiri ndi tinjira ta m'mphepete mwa mitsinje ndi ngalande, momwe kale mahatchi ndi nyulu ankayenda akukoka mabwato. Gawo la mtsinje wa Danube la pakati pa Passau ku Germany ndi Vienna ku Austria, lotalika makilomita oposa 300, limatsata tinjira totere m'malo ambiri, ndipo ku America njira ya ngalande ya Chesapeake and Ohio imayenda makilomita pafupifupi 297 kuchokera ku Washington mpaka ku Cumberland. Ubwino wake ngwakuti zitunda kulibe, pomwe vuto lake ndi madzi omwewo, chifukwa mtsinje ukasefukira njira imamira kapena kusanduka matope. Mtundu wachitatu ndi misewu ya m'minda ndi m'nkhalango, imene kwenikweni si yopanda magalimoto, popeza mathirakitala ndi malole onyamula mitengo amadutsamo nthawi zina.

Kwa munthu amene akuyenda ulendo wake woyamba, ine ndingasankhe njanji yakale mosazengereza, ngakhale ena amadandaula kuti imakhala yowongoka mopitirira muyeso mpaka kutopetsa maso.

Chachiwiri, santhulani mapu kilomita ndi kilomita

Apa ndi pofunika kudekha. Dzina lotchuka la njira si umboni woti mulibe magalimoto. Mndandanda wa EuroVelo, womwe uli ndi njira 17 zodutsa mayiko a ku Ulaya, uli ndi zigawo zabwino zapadera za njinga zokha, koma ulinso ndi zigawo zambiri zimene zimangotsata misewu wamba yomwe magalimoto ake ndi ocheperapo. Chikwangwani chokhala ndi chithunzi cha njinga chimangotanthauza kuti njira yanu ikulowera uko, sichilonjeza kuti mukhala nokha.

Tsegulani mapu a pa intaneti osonyeza njira za njinga, monga a OpenStreetMap, muwakulitse mpaka tinjira ting'onoting'ono tizioneka, kenako mutsate mzere wa ulendo wanu pang'onopang'ono uku mukulemba malo a mitundu itatu. Oyamba ndi mphambano zonse pamene njira yanu ikudutsana ndi msewu wa magalimoto. Achiwiri ndi zigawo zolumikiza, pamene njanji yakale inadukira chifukwa mlatho unagwa kapena malowo anamangidwapo nyumba, moti oyenda panjinga amawalozera kumsewu kwa kilomita imodzi kapena zingapo. Achitatu ndi mtunda wa pakati pa njirayo ndi malo amene mukagone, umene anthu ambiri amauiwala: mungathe kupalasa tsiku lonse mwamtendere, kenako makilomita atatu omaliza n'kuwayenda mumsewu wopanikizana dzuwa litalowa kale, mutatopa, pomwe maso ndi maganizo anazolowera bata.

Mukapeza chigawo cholumikiza, chiyang'aneninso pa zithunzi za setilaiti kuti muone ngati msewuwo uli ndi mpata m'mbali. Ngati ulibe, funani kanjira kena kozungulira ngakhale kakhale katali, kapena konzani zoti mudzadutsepo m'mamawa. Pomaliza sungani mapuwo mufoni mwanjira yoti azitseguka popanda intaneti, ndipo malo ovutawo muwalembenso papepala, chifukwa batire imatha ndipo m'zigwa zakuya netiweki imasowa.

Chachitatu, funsani za pansi pamene matayala adzaponda

Njira yaphula, yamiyala yophwanya ndi yadothi zimafuna matayala osiyana komanso mphamvu zosiyana. Vennbahn mbali yake yaikulu ndi yaphula, pomwe Katy Trail ya ku Missouri m'dziko la America, yotalika makilomita pafupifupi 386, inathiridwa miyala yalaimu yophwanya, imene ikauma imayendeka bwino koma ikanyowa imafewa n'kumagwira matayala ngati munthu akukukokani kumbuyo. Matayala opyapyala a njinga zampikisano amavutika pa miyala yotere, ndipo a m'lifupi mamilimita 35 mpaka 45 ndiwo amakwanira pa njira zambiri. Musawapope mpaka kuuma gwa, chifukwa pa miyala tayala louma kwambiri limangodumphadumpha n'kukupwetekani manja ndi msana.

Funsaninso ngati njira imadutsa m'mapanga oboola mapiri. Ambiri mwa iwo alibe magetsi: la Paw Paw pa ngalande ya Chesapeake and Ohio ndi lalitali mamita pafupifupi 950 ndipo mkati mwake ndi mdima, pomwe la Big Savage pa njira ya Great Allegheny Passage ku America komweko limatsekedwa m'nyengo yachisanu. Oyang'anira njira zoterezi amalengeza pa masamba awo a pa intaneti malo amene atsekedwa, ndipo ndi bwino kuwerenga zilengezozo sabata yonyamukira, osadalira zimene munawerenga miyezi yapitayo.

Chachinayi, gawani mtunda molingana ndi madzi ndi pogona

Njinga yonyamula katundu pa njira yamiyala nthawi zambiri imayenda makilomita 12 mpaka 15 pa ola, ndipo munthu wosazolowera achita bwino kuyamba ndi makilomita 40 mpaka 60 pa tsiku. Komabe chimene chiyenera kulamula kutalika kwa tsiku si mphamvu zanu zokha, koma kumene kuli madzi akumwa ndi denga. Njanji zakale zinkatsata mtunda wosavuta kwa sitima, motero nthawi zina zimalambalala midzi, ndipo masiteshoni ambiri amene mapu akusonyeza ndi mabwinja chabe opanda munthu kapena mpopi. Lembani malo alionse amene mwatsimikiza kuti madzi alipo, muwerenge maola a pakati pawo, ndipo munyamule ochuluka kuposa amene mwawerengera, makamaka kukatentha.

Ganiziraninso za mbali imene mukulowera. Kutsata mtsinje kumene ukupita kumatanthauza kutsika pang'onopang'ono, ndipo pa chidikha chopanda mitengo mphepo yakutsogolo imalemetsa kuposa chitunda, chifukwa chitunda chimatha koma mphepo imatha kuwomba tsiku lonse. Tsiku loyamba likhale lalifupi kuposa ena onse, popeza ndi limene mumazindikirira kuti chishalo chakwera kwambiri kapena chikwama chikukhula tayala.

Chachisanu, konzekani kudzikonzera nokha njinga

Kumene kulibe magalimoto kulibenso woti angakunyamuleni njinga ikawonongeka, ndipo ichi ndicho chinthu chimene bata la njirazi limabisa. Musananyamuke onani mabuleki, tcheni, masipoko ndi mabawuti a kaliyala. Munyamule machubu awiri atsopano, zigamba ndi guluu wake, pampu, zotsegulira tayala, masipanala okwanira mabawuti a njinga yanu, kolumikizira tcheni ikaduka, nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndiponso zomangira mabala. Kukhala ndi zipangizo n'kosathandiza ngati simunayesepo kuzigwiritsa ntchito, choncho chotsani tayala lakumbuyo ndi kulibwezera kawiri kapena katatu muli pakhomo, chifukwa ndilo limavuta kwambiri ndipo ndilo limaphulika kawirikawiri kaamba ka kulemera kwa katundu.

Katundu wolemera aikidwe pansi m'zikwama za m'mbali mwa kaliyala, mbali zonse ziwiri zilemere mofanana, m'malo momubereka kumsana. Mukamaliza kupakira, yendani ulendo woyesera wa maola awiri ndi katundu yenseyo, ndipo mudzadabwa kuchuluka kwa zinthu zimene mudzazitsitse mukabwerako.

Chachisanu ndi chimodzi, yendani monga mlendo

Njira yopanda magalimoto imakhalabe ndi eni ake: oyenda pansi, ana, agalu, okwera mahatchi ndi alimi amene minda yawo ili mbali zonse ziwiri. Imbani belu muli patali, chepetsani liwiro podutsa anthu, ndipo chipata chimene mwachipeza chotseka muchitsekenso mukadutsa, chifukwa chinaikidwa kuti ziweto zisatuluke. Ng'ombe yokhala ndi mwana wake muipatse mpata waukulu, ndipo hatchi musaifikire mwakachetechete kumbuyo, popeza imadzidzimuka msanga. Pofika pa mphambano iliyonse imene munailemba ija, imani kwenikweni, phazi ligunde pansi, chifukwa dalaivala amene akubwera sakuyembekezera kuti m'tchire mungatuluke njinga. Ngati muli m'dziko lachilendo, kumbukirani mbali ya msewu imene magalimoto amayendera musanayang'ane uku ndi uku.

Pomaliza pa zonse, konzani za kabwereredwe musanachoke. Njira zambiri zoterezi n'zamzere umodzi, sizizungulira kubwerera poyambira, choncho muyenera kudziwa ngati sitima kapena basi ya kumapetoko imalola njinga, ngati pamafunika kusungitsiratu malo ake, ndiponso nthawi imene yomaliza imanyamuka. Munthu mmodzi wotsala kunyumba mumusiyire pepala la malo amene mudzagone usiku uliwonse, ndipo mugwirizane ola limene ayenera kuyamba kukufunani ngati simunamuimbire foni.