Kupereka Mbiri za Odwala kwa Kampani Ina Popanda Kuphwanya HIPAA

Kachipatala kakang'ono ku America kakufuna kulemba ntchito kampani yoti izitumiza mabilu ku inshuwalansi. Kayambire pati kuti kasaphwanye HIPAA, lamulo la 1996 loteteza zinsinsi za odwala?

Musatumize ngakhale fayilo imodzi musanasayinirane pangano lotchedwa Business Associate Agreement. Panganolo linene zimene kampaniyo ingachite ndi mbiri za odwala, mmene izizitetezera, ndiponso kuti ntchito ikatha izibweze kapena kuziwononga. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: amakumbukira a mabilu, n'kuiwala kampani yosunga mafayilo pa intaneti kapena yowononga mapepala akale. Nawonso ayenera kusayina, ngakhale mafayilowo atakhala otsekedwa ndi encryption (njira yobisa zolembedwa kuti wopanda kiyi asaziwerenge) ndipo kiyi yake alibe. Kampaniyo ikapatsira kampani ina ntchitoyo, iwonso asayinirane pangano lomweli.

Kenako perekani zokhazo zofunika. Wa mabilu amafuna dzina, nambala ya inshuwalansi ndi makhodi a matenda ndi chithandizo, osati zonse zimene dokotala analemba.

Zinsinsi zikaululika, lamulo limapatsa kampani masiku osapitirira 60 kuti ikuuzeni. Ndi ochuluka zedi amenewo. Lembani m'pangano masiku 5 kapena 10, kuti odwala amve msanga n'kudziteteza, poti nanunso muli ndi malire a masiku 60 owadziwitsira. Okhudzidwa akakwana 500, dziwitsaninso Office for Civil Rights, ofesi ya boma yoyang'anira HIPAA, pasanathe masiku 60 omwewo. Akachepera, lipoti lipite pasanathe masiku 60 chaka chitatha.

Mapangano onse muwasunge zaka 6 kuchokera tsiku lomwe anasiya kugwira ntchito.