Mmene mungasungire bandi pamene oimba akusinthasintha, potengera mbiri ya Deep Purple

Achinyamata amene amaimba m'maukwati ku Mangochi Boma, kapena m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, akudziwa kuti chimene chimagwetsa bandi msanga ndi kuchoka kwa munthu mmodzi amene anzake ankamudalira. Wapeza ntchito ku Blantyre, wapita ku Johannesburg, kapena wakangana ndi anzake pa nkhani ya ndalama, ndipo otsalawo amapezeka kuti sakudziwa ngati dzina, zida ndi nyimbo zili zawo. Ndasankha kufotokoza njira zopewera zimenezi pogwiritsa ntchito mbiri ya Deep Purple, gulu la ku England loimba nyimbo za hard rock, zija za magitala olira mwamphamvu ndi ng'oma zolemera, chifukwa kuyambira 1968 pamene linayamba lakhala likusintha oimba mobwerezabwereza koma likuimbabe mpaka lero.

Choyamba, lembani pa pepala kuti mwini dzina la bandi ndi ndani, ndipo chitani zimenezi pamene mudakali pa ubale wabwino. Woimba woyamba wa Deep Purple, Rod Evans, anachotsedwa mu 1969 pamodzi ndi woimba gitala ya besi, Nick Simper. Gululi litasiya kuimba mu 1976, Evans anasonkhanitsa oimba ena mu 1980 n'kuyamba kuyendayenda akudzitchula Deep Purple, koma amene anali ndi ufulu wa dzinalo anamusumira kukhoti, ndipo analamulidwa kulipira madola a ku America oposa 670,000. Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni chifukwa munthuyu analidi mmodzi mwa oyambitsa gululo, koma kuyambitsa sikunamupatse ufulu wotenga dzina. Inunso gwirizanani kuti wochoka sapita ndi dzina, kalembetseni dzinalo ku ofesi ya boma yolembetsa mayina a mabizinesi, ndipo aliyense asayine pamaso pa mboni. Nyimbo zimene mwapeka kazilembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, mukutchula momveka bwino amene analemba mawu ndi amene anapeka kamvekedwe, kuti wochokayo azilandirabe gawo lake popanda kulimbana ndi otsala.

Pepala lomwelo lifotokozenso za zida. Asodzi a chilimira asanalowe m'nyanja amadziwiratu mwini bwato, mwini ukonde ndi mmene adzagawanire usipa, ndipo bandi iyenera kuchita chimodzimodzi pa masipika, ampulifaya, kiyibodi ndi jenereta. Chida chimene munthu anabwera nacho ndi chake, ndipo akamachoka apite nacho mwamtendere. Chimene munagula ndi ndalama za gulu chikhale cha gulu, ndipo wochoka abwezeredwe gawo limene munagwirizana, ngakhale pang'onopang'ono.

Kenako dziwani chimene chimapangitsa kuti anthu akuzindikireni akamva muli patali, n'kuchiteteza. Anthu ambiri amaganiza kuti bandi ndi woimba wa patsogolo, koma mbiri ya Deep Purple ikusonyeza zina. Patsogolo padutsa Rod Evans, Ian Gillan, David Coverdale ndi Joe Lynn Turner, pa gitala padutsa Ritchie Blackmore, Tommy Bolin, Joe Satriani, Steve Morse ndi Simon McBride, koma woimba ng'oma, Ian Paice, ndi yekhayo amene wakhalapo m'nthawi zonse za gululi. Jon Lord nayenso anasunga kamvekedwe ka ogani yake ya Hammond kuyambira pachiyambi mpaka 2002, ndipo atapuma, Don Airey amene analowa m'malo mwake anapitiriza kuimba chida chomwecho. Kwa ine phunziro lalikulu lili pamenepa: musamale kwambiri woimba ng'oma ndi woimba besi, amene nthawi zambiri amaiwalika pogawana ndalama ndi ulemu, chifukwa iwo akakhazikika woimba watsopano amapeza poyambira.

Posankha wolowa m'malo, musafune munthu woti azingotsanzira amene wachoka. Gillan ndi Roger Glover atalowa mu 1969, gululi linasintha kaimbidwe n'kukhala lolemera kwambiri, ndipo m'nthawi yawo ndi mmene linatulutsa chimbale cha Machine Head mu 1972, chimene chinalitchukitsa padziko lonse. Awiriwa atachoka mu 1973, gululi linatenga Coverdale, mnyamata amene panthawiyo sankadziwika ndipo ankagwira ntchito m'sitolo ya zovala, pamodzi ndi Glenn Hughes amene ankaimba besi komanso kuimba ndi mawu. Choncho musamangoyang'ana mayina otchuka. Mverani oimba a m'makwaya ndi a m'masukulu a ku Namwera kapena ku Malindi, muitaneni munthuyo adzayeserere nanu kangapo, mumupatse nyimbo zitatu zakale kuti aziphunzire, kenako mupeke naye imodzi yatsopano kuti muone ngati ali ndi chake chobweretsa. Onaninso khalidwe lake. Tommy Bolin anali ndi luso lalikulu pa gitala pamene analowa m'malo mwa Blackmore mu 1975, koma mankhwala osokoneza bongo anawononga kaimbidwe kake pa zoimbaimba zina, ndipo anamwalira kumapeto kwa 1976 ali ndi zaka 25 zokha.

Mikangano isasiyidwe kuti ikule mpaka tsiku la zoimbaimba. Oimba amene anatulutsa Machine Head mu 1972 anabwererana mu 1984 ndipo anthu anawalandira ndi manja awiri, koma kusamvana kwa Gillan ndi Blackmore kunali kusanathe. Gillan anachotsedwa mu 1989, anabwereranso mu 1992, ndipo mu November 1993 Blackmore anachoka ulendo woimba usanathe, zimene zinachititsa kuti Satriani aitanidwe mwachangu kukamaliza zoimbaimba za ku Japan. Inu mungapewe manyazi otere pamaso pa mwini ukwati amene analipira kale, ngati mutagwirizana kuti wofuna kuchoka azinena kudakali mwezi umodzi ndipo amalize ntchito zonse zimene munalandirira ndalama. Khalaninso ndi mnzanu mmodzi kapena awiri a kunja kwa gulu amene amadziwa nyimbo zanu, ndipo muzijambula pa foni nthawi zoyeserera kuti wobwera mwadzidzidzi azitha kuphunzira ali kunyumba.

Zimenezi si za kunja kokha. Alleluya Band ya kwa anansi athu ku Balaka yadutsa m'manja mwa oimba ambiri, kuphatikizapo Paul Banda ndi Lucius Banda, ndipo Black Missionaries ya ku Chileka inapitiriza kuimba Evison Matafale atamwalira mu 2001.

Munthu akachoka pa zifukwa za kunyumba, mutsanzikeni mwaulemu ndipo auzeni okukondani nokha asanamve mphekesera. Steve Morse anachoka mu 2022, atatha zaka 28 m'gululi, kuti akasamalire mkazi wake amene ankadwala khansa, ndipo anzake analengeza zimenezi poyera momuyamikira. Lembani uthenga wachidule pa Facebook wothokoza wochokayo ndi kutchula wolowa m'malo, mumulipire zonse zimene anagwirira ntchito, ndipo dzina lake likhalebe pa nyimbo zimene anapeka nawo.