Kumanga nyumba yosadya magetsi ambiri

Musanakumbe maziko, khalani pansi ndi mmisiri wanu kuti mugwirizane kumene nyumbayo idzayang'ane, chifukwa kuno ku Malawi dzuwa limapendekera kumpoto kwa miyezi yambiri, makamaka mu June ndi July. Denga likhale ndi mbali yoyang'ana kumpotoko, yopendekeka pafupifupi madigiri 15, kuti mapanelo a sola ndi giza ya sola, yomwe ndi thanki yotenthetsera madzi ndi dzuwa, zizilandira dzuwa mokwanira. Mazenera akuluakulu musawaike kumadzulo, poti dzuwa la mu October likapendeka limatenthetsa chipinda ngati uvuni. Ikiranitu mapaipi a mawaya a sola ndi a intaneti musanapake pulasitala, pakuti kugumula khoma lopenta kale n'kowawa ndiponso kumadya ndalama. Mababu onse akhale a LED, omwe sadya magetsi ambiri, ndipo la pakhonde likhale loyaka lokha munthu akamadutsa usiku.