Kujambula chithunzi chooneka ngati cha kumaloto ndi foni

Funso ndi lakuti mungajambule bwanji mapiri a ku Chipata kuti aoneke ngati a kumaloto. Mufunika foni, kapulasitiki koonekera bwino, Vaseline ndi kalabala komangira.

1. Dzukani kusanache. Mu June ndi July, m'madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe mumagwa nkhungu, koma dzuwa likangokwera imabalalika.

2. Phimbani kamera ndi kapulasitiki, mumange ndi labala.

3. Pakani Vaseline pang'ono kwambiri m'mphepete mwa pulasitikiyo, pakati musiye poyera. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Ena amapaka pagalasi la kamera penipeni, ndipo mafutawo amavuta kuchotsa. Ena amachulukitsa, chithunzi n'kungokhala mbuu, osazindikirika kanthu. Kadontho kapansonga ya chala n'kokwanira.

4. Zimitsani flash, muime moyang'ana kumene dzuwa likutulukira kuti kuwala kudutse m'nkhungumo.

5. Dinani pasikirini pomwe pakuwala kwambiri, kenako tsitsani kuwalako pang'ono. Mitengo ndi anthu zidzada, kutsala maonekedwe ake okha.

6. Sankhani chinthu chimodzi: wanjinga wonyamula makala, kapena mtengo woima wokha, phiri la Kanjala lili kumbuyo. Gwadani mujambule kuchokera pansi, udzu wamame utchinge mbali ina. Ine ndimakonda kwambiri kajambulidwe aka, chifukwa njira imene anthu amadutsamo tsiku lililonse imaoneka yachilendo. Ngati nkhope ya munthu ikuoneka, mupempheni kaye.

7. Pokonza chithunzicho chepetsani contrast, kutanthauza kusiyana kwa malo owala ndi malo akuda. Mitundu musaiwonjezere, imapha nkhungu.