Galu wobwera yekha pakhomo: mtima wamulandira, nanga jakisoni?

Mayi wina wa ku Chiputula anandiimitsa pa msika wa Zigwagwa mumzinda wa Mzuzu, dengu lili pamutu. "Alangizi, kodi galu amadwala chimfine?" Ndinafunsa kuti ndi galu wa yani, poti chaka chatha mayi yemweyu ankagenda galu aliyense woyandikira khola lake la nkhuku. Anaseka mwamanyazi. Anthu amene ankachita lendi kunyumba yakuseri anasamuka usiku, n'kusiya bilu ya madzi ndi kagalu konyentchera pakhonde. Sabata yoyamba ankakapirikitsa. Yachiwiri, chisanu cha Juni chitafika pamwana wakana phala, anakaponyera chiguduli. Lero kali ndi dzina, Zatsala, ndipo kakapanda kudya mayiyo tulo sabwera.

Amati mlendo ndi mame, koma mlendo wa miyendo inayi sakamuka dzuwa likatuluka. Wina mwana wamutola kumtsinje wa Lunyangwa, wina wakutsatirani kuchokera kuchigayo, wina mlamu wanu wamusiya kuti "ndidzamutenga" ndipo sanabwerenso. Anzathu a Chitumbuka amati ntcheŵe, ife timati galu, koma vuto ndi limodzi: mtima umafulumira kumukonda musanadziwe kumene wachokera ndi chimene wanyamula.

Choyamba ndi chiwewe. Galu wogula kwa munthu wodziwika amabwera ndi khadi la katemera. Wobwera yekha alibe khadi, ndiye muzimutenga ngati sanabayidwepo. Kachilombo ka chiwewe kamatha kukhala m'thupi mwa galu masabata angapo, nthawi zina miyezi, iye akugwedeza mchira bwinobwino. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse padziko lonse, ndipo mwa odwala 100 aliwonse, mpaka 99 amachitenga kwa galu. Ambiri mwa olumidwa ndi ana, chifukwa ndi amene amathamangira kukumbatira kagalu katsopano. Tsono masiku oyambirira mumuike pamalo pake, ana asamamulole kuwanyambita kumaso kapena pachilonda, ndipo sabata yomweyo pitani naye ku ofesi ya zaulimi mukafunse mlangizi wa ziweto. Katemerayu amayamba galu akakwana miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka. Ambiri amadikira kampeni ya boma kapena tsiku lokumbukira matendawa, 28 Seputembala. Galu wotola sayenera kudikira zimenezo. Dziwaninso kuti jakisoni sachiza galu amene anatenga kale kachilomboka, choncho ngakhale atabayidwa pitirizani kumuyang'anitsitsa. Akayamba kutuluka dovu, kuluma mitengo ndi miyala, kusintha mawu pouwa, kapena kungoti zii pakona nsagwada ili lende, musamugwire. Mutsekereni, itanani alangizi.

Apa ndi pamene chikondi chimapha anthu. Galu wanuyo akaluma mwana, makolo ena amabisa poopa kuti galuyo aphedwa. Musatero. Tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, osati kungothira pang'ono, ndipo tsiku lomwelo thamangirani kuchipatala, kaya ku Mapale kaya ku Mzuzu Central, kuti akayambe jakisoni. Galuyo musamuphe, mumangirireni masiku 10 alangizi akumuona. Akadutsa masiku amenewo ali gwa, ndiye kuti tsiku limene analuma analibe kachilombo m'malovu. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu, kuchira kulibe.

Kagalu kotola kawirikawiri kamabwera mimba ili tuu, nthiti zikuwerengeka. Si kukhuta kumeneko, ndi njoka za m'mimba. Kakang'ono kamamwa mankhwala masabata awiri aliwonse mpaka kakwane miyezi itatu, wamkulu miyezi itatu iliyonse, ndipo mlingo umatengera kulemera kwake. Funsaninso za katemera wa parvo, matenda aja otsegula m'mimba mwa magazi ndi kusanza, amene amagwetsa tiana ta agalu m'masiku ochepa.

Pa nkhupakupa, utitiri ndi mphere ndimakangana ndi anthu kwambiri. Oyilo wakutha wa galimoto si mankhwala. Amawotcha khungu, ndipo galu podzinyambita amamumeza. Dibi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza wapha agalu ambiri. Nayenso Panado ndi bufeni wa m'kabati mwanu musamupatse, ngakhale mukumumvera chisoni chotani, chifukwa amaononga chiwindi, impso ndi m'mimba. Mayi wa ku Chiputula uja anali atagula kale mapiritsi a chimfine. Ndinamuuza kuti amwe yekha akadzadwala.

Chakudya sichifuna ndalama zambiri. Nsima yokha yokha siikwanira. Phikani phala la mgaiwa, ponyanimo bonya kapena usipa, dzira mwa apo ndi apo, zotsala za kubutchala zowiritsa. Ndiwo zodzaza anyezi ndi mchere zisapite m'mbale yake, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati singano n'kubaya matumbo. Madzi akumwa azikhalapo tsiku lonse.

Mzuzu ndi wozizira, mvula yake imachedwa kutha. Kanyumba ka galu kakhale kokwera pang'ono, kosadontha, khomo lake losayang'ana kumphepo, mkati muli thumba kapena chiguduli choti muziyanika padzuwa. Galu wogona pasimenti yonyowa m'Julayi ndi amene amakusowetsani tulo ndi kulira.

Pali nkhani ina imene anthu amaizemba. Galu wamkazi amatha kuyamba kufuna amuna ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, amatero kawiri pachaka, ndipo bere lake ndi la masiku pafupifupi 63. Mukazengereza, wotola mmodzi uja asanduka asanu ndi awiri, ndipo inuyo ndi amene mudzakatayire anzanu katoni ya tiana m'mbali mwa msewu. Kambiranani ndi dokotala wa ziweto za kutseka wamkazi kapena kufula wamwamuna. Zoti galu wofula salondanso pakhomo, ine sindivomereza. Chimene amachepetsa ndi kuyendayenda ndi ndewu za usiku.

Musaiwale kufunsa kwa aneba ndi kwa amfumu a m'dera ngati pali amene wasowa galu. Zimawawa kubweza mutamuzolowera, koma zimaposa kutchedwa wakuba. Ndipo nkhuku za aneba zisakhale ndiwo zake: usiku akhale mumpanda, masana ngati mwamumanga chingwe chikhale chachitali, pamthunzi, ndipo muzimumasula aziwongola miyendo.

Zatsala anabwera kudzabayidwa Lachinayi lotsatira, atakulungidwa m'chitenje ngati khanda. Polemba khadi ndinafunsa dzina la mwini galu. Mayiyo anayamba kutchula la anthu anathawa aja, kenako anaima kaye. "Ayi, alangizi, lembani langa."