Dzina la fayilo lisakhale "pulani yomaliza"

Anzanga ojambula mapulani a nyumba, makamaka inu amene muli ndi ntchito ku Chikwawa ndi ku Nsanje, samalani ndi mayina a mafayilo. Ife zinatigwera ku Ngabu: kapitawo anathira maziko potsatira pulani yakale, chifukwa mu foni mwake munali ma PDF atatu, onse olembedwa "yomaliza". Matumba angapo a simenti anangopita pachabe.

Tsopano dzina limayamba ndi malo, kenako tsiku, kenako nambala ya kusintha, monga Ngabu_Sukulu_2024-06-12_R3. Pulani ikasintha, yakaleyo timaiponya mu foda ya "Zakale". Sitifufuta ayi, pakuti mwini nyumba amatha kubwera mawa n'kunena kuti khonde lija linali bwino poyamba paja.

Kapitawo mutumizireni PDF yokha, DWG, yomwe ndi fayilo yojambulira pulani mu pulogalamu ya AutoCAD, itsale mu ofesi. Pa WhatsApp tumizani ngati document, osati chithunzi. Chithunzi chimafinyika, ndiye padzuwa la ku Bangula miyeso ngati 150 ndi 180 imaoneka yofanana.

Za kusunga musachite nazo chibwana. Madzi a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anationetsa kuti chili pansi n'cha mtsinje. Hard drive ikhale pamwamba pa kabati, kutali ndi zenera, poti kutentha kwa mu Okutobala sikuisiya bwino. Kope lina likhale pa Google Drive. Ife timakweza Lachisanu madzulo magetsi akakhalapo, ndipo ntchitoyi tinapatsa munthu mmodzi yekha kuti pasakhale kulozana zala.